Fungo si Sikelo: Zimene Zinapezeka M'masamba a Alecrim

Lero tikambe za chitsamba chimodzi chaching'ono. Apwitikizi amachitcha alecrim. Angerezi amachitcha rosemary. Ena mwa inu munachiona m'dimba la munthu wa m'tauni, kapena pa msika chitamangidwa timitolo. Masamba ake ndi aang'ono, osongoka ngati singano, obiriwira pamwamba ndi otuwa kunsi. Mukawatikita m'manja, fungo lake limakutsatirani mpaka kunyumba.

Chitsambachi si cha kuno. Kwawo ndi m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Spain, Italy, Morocco ndi Tunisia. Kumeneko chimamera chokha m'mapiri a miyala, kumene dzuwa ndi lambiri ndipo mvula ndi yochepa. Anthu a kumeneko akhala akuthira masamba ake pa nyama ndi pa nsomba kuyambira kalekale. Dzina lake la m'Chilatini limatanthauza mame a m'nyanja.

Mwina wina afunsa kuti, "Nanga ife alimi a chimanga, nyemba ndi mtedza, chitsamba cha eni ake tichita nacho chiyani?" Funso labwino limenelo. Yankho langa ndi ili. Alecrim ndi chimodzi mwa zomera zimene asayansi anazisanthula kwambiri. Anatenga tsamba lake, nalekanitsa zinthu zimene zili m'katimo, nayeza chilichonse pachokha. Zimene anapeza zikukhudza mbewu iliyonse ndi mankhwala alionse a zitsamba. Anapeza kuti dzina la chomera silitiuza zimene zili m'kati mwake, ndiponso kuti mphuno siyeza. Pali anthu amene amati kuyeza zomera m'labotale ndi masewera a anthu olemera. Ine ndikukana. Pamene muyeso palibe, woyamba kulira ndi mlimi, pakuti wogula amene ali ndi pepala la muyeso ndiye amatchula mtengo.

Tiyambe ndi dzina. M'chaka cha 1753 katswiri wa zomera wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anachitcha Rosmarinus officinalis. Dzinali linakhala zaka zoposa 260. M'chaka cha 2017 akatswiri ena anaona kuti DNA yake, chizindikiro cha mtundu chimene chimabisika m'thupi la chamoyo chilichonse, ikusonyeza kuti chitsambachi ndi cha fuko la Salvia. Tsopano m'mabuku chimalembedwa Salvia rosmarinus. Ngati dzina limasintha m'mabuku a anthu ophunzira, kuli bwanji pa msika? Ku Portugal kuli chitsamba chotchedwa rosmaninho. Mukamva dzinalo muyesa ndi rosemary yemweyo. Iyayi, ndi chomera china. Ku Brazil kuli alecrim-do-campo, nachonso ndi china, ndipo si chachibale n'komwe. Ifenso izi timazidziwa. Mtengo umodzi umatchedwa mwina kuno, mwina tsidya la mtsinje, ndipo nthawi zina mitengo iwiri yosiyana imagawana dzina limodzi.

Tsono tibwere pa fungo. Fungo la alecrim limakhala m'mafuta. Mafutawo ali m'timatumba ting'onoting'ono pa khungu la tsamba, tosaoneka bwino ndi maso. Mukatikita tsamba, timatumbato timaphulika, ndiye fungo lija. Ofuna mafuta ambiri amachita monga amachitira otcheza kachasu. Musaseke, nzeru yake ndi imodzimodzi. Amalonga masamba mumgolo. Nthunzi ya madzi owira imadutsa m'masambamo nitenga mafuta. Kenaka imalowa mumpope wodutsa m'madzi ozizira nisanduka madontho. M'botolo madzi amakhala pansi, mafuta amayandama pamwamba. Chipangizo chimenechi pa Chipwitikizi ndi alambique.

Tengani mapensulo, tiwerengere pamodzi. Ku Ulaya kuli buku la malamulo a mankhwala lotchedwa European Pharmacopoeia. Bukuli limati kilo imodzi ya masamba ouma a alecrim iyenera kupereka mafuta osachepera mamililita 12. Nanga makilo 100 apereka angati? 100 kuchulukitsa ndi 12, yankho ndi 1200. Ndiye kuti lita imodzi ndi kagawo. Masamba abwino kwambiri amafika malita 2. Taganizani, matumba angapo akuluakulu a masamba, koma mafuta ake munthu angawanyamule m'dzanja limodzi. Titembenuze samuyi. Kasupuni ka tiyi kamalowa mamililita 5. Mafuta odzaza kasupuni kameneko achokera m'masamba ouma okwana pafupifupi magalamu 400. Nambala imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Koma mafutawo si chinthu chimodzi. Ndi zinthu zambirimbiri zosakanikirana, monga ufa wa chimanga, wa mapira ndi wa mawere utathiridwa m'dengu limodzi. Kodi mungaulekanitse bwanji? Lichero silingathe. Sefa siingathe.

Njira yake anaiyamba katswiri wa zomera wa ku Russia, Mikhail Tsvet, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Warsaw. Anayamba kuifotokoza m'chaka cha 1903. Anatenga kampope ka galasi, nakadzaza ndi ufa wa choko, choko chonga chimene aphunzitsi amalembera pa bolodi. Pamwamba anathira msuzi wobiriwira wotengedwa m'masamba, natsanulira mankhwala osungunulira pang'onopang'ono. Msuzi uja potsika unagawikana. Panaoneka mizere, ina yobiriwira, ina yachikasu, uliwonse pamalo pake. Chifukwa chiyani? Zinthu zina zimamatirira kwambiri ku choko ndipo zimatsalira m'mbuyo. Zina sizimatirira, zimathamanga kutsogolo. M'chaka cha 1906 iye anaitcha njirayi chromatography, kutanthauza kulemba ndi mitundu. Mawuwa ndi olimba pa lilime, koma musachite nawo mantha.

Mungathe kuziona nokha m'kalasi muno. Ng'ambani kapepala kam'mbali mwa nyuzi, kopanda zolembedwa. Chakumunsi kwake dontheza inki yakuda. Imikani nsonga ya kapepalako m'kapu ya madzi pang'ono, koma dontho la inki lisamire. Dikirani. Madzi pokwera adzanyamula inki, ndipo nthawi zambiri chakuda chija chimagawikana, n'kuoneka chabuluu, chofiirira kapena chachikasu. Inki ya bolopeni siyenda ndi madzi, imafuna sipiriti. Mukaona zimenezo, mwaona ndi maso anu ntchito imene makina a ndalama zambiri amachita.

M'chaka cha 1952 ku London, Archer Martin ndi Anthony James anasonyeza kuti nzeru yomweyi ingagwire ntchito pa zinthu zouluka ngati nthunzi. Makina a masiku ano ali ndi kampope kopyapyala ngati ulusi, kotalika mamita 30, kokulungidwa ngati nkhata m'kati mwa ng'anjo. Amalowetsamo kadontho ka mafuta kochepa kwambiri. Kadonthoko kamasanduka nthunzi, mpweya n'kukakankha m'kampope muja. Chinthu chilichonse chimatulukira kutsogolo pa nthawi yake, monga ng'ombe zotuluka m'khola pa chipata chopapatiza, ndipo makina amaima pachipatapo kuwerenga. Pa pepala pamatuluka mzere wokhala ndi timapiri. Kaphiri kalikonse ndi chinthu chimodzi. Kaphiri kakakulu kakusonyeza kuti chinthucho n'chochuluka.

Nanga anapezamo chiyani? Timapiri ndi tambiri, koma tatikulu ndi titatu. Koyamba ndi cineole, chinthu chomwe chija chimene chimanunkhiritsa masamba a bulugamu. Kachiwiri ndi camphor, chimene mumachimva mu Vicks wopaka pachifuwa. Kachitatu ndi pinene, fungo la mitengo ya paini.

Apa mpamene pali nkhani. Buku la malamulo lija limagawa mafuta a alecrim m'mitundu iwiri. Mtundu wa ku Morocco ndi Tunisia uli ndi cineole magawo 38 mpaka 55 pa magawo 100 alionse, ndipo camphor ndi magawo 5 mpaka 15. Mtundu wa ku Spain uli ndi cineole magawo 16 mpaka 25 okha, pamene camphor ndi magawo 13 mpaka 21. Morocco ndi Spain ndi maiko oyang'anizana, pakati pawo pali kanyanja kopapatiza. Chitsamba ndi chimodzi, masamba ndi ofanana, maluwa ndi ofanana. Koma botolo la uku likhoza kukhala ndi cineole wowirikiza kawiri poyerekeza ndi botolo la uko. Pa chilumba cha Corsica palinso mtundu wina wodziwika ndi chinthu chotchedwa verbenone. Kusiyanaku kumachokera ku chibadwa cha chitsamba, komanso ku nthaka, kukwera kwa malo ndi nyengo yokolola. Sizachilendo kwa ife. Chinangwa chokoma ndi chowawa chonse ndi chinangwa, koma mayi wanzeru sachiphika mofanana.

Tiyerekeze kuti koperativa ina yapangana ndi wogula kuti ilime alecrim wa mafuta. Pa pepala la pangano palembedwa kuti mafuta akhale a mtundu wa ku Morocco. Alimi alima, athirira, akolola, atcheza. Wogula watenga kabotolo kupita nako ku labotale. Pobwera akuti cineole ndi magawo 20 basi, sindigula, kapena ndigula pa theka la mtengo. Kodi alimi ayankha chiyani? Anena kuti koma akununkhira bwino? Wogula adzangoseka. Ndipo ngati akunama, adziwa bwanji?

Tsopano mvetserani bwino, pakuti ichi ndicho chimene chimandikondweretsa koposa. Chinthu cha mtengo wapatali m'tsamba la alecrim sichinunkhira, ndipo sichituluka ndi nthunzi. Mukatha kutcheza mafuta, icho chimatsala m'masamba aja amene munthu wosadziwa angawataye kudzala. Dzina lake ndi carnosic acid. M'masamba ouma chimapezeka pafupifupi magawo 2 pa 100, nthawi zina kuposa apo. Chili ndi mnzake wotchedwa carnosol.

Ntchito yake ndi yotani? Amayi akudziwa zimene zimachitika nsinjiro zikakhalitsa, kapena mafuta a mpendadzuwa akakhala miyezi m'botolo losatseka bwino. Fungo limasintha, ndipo pakhosi pamawawa. Chimene chawononga ndi mpweya wa okosijeni, womwe uja umene umadyetsa khasu dzimbiri. Tingati ndi dzimbiri la mafuta. Likayamba pa kachigawo kamodzi, limayatsa kena, kenako n'kuyatsa kena, monga moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala. Carnosic acid ali ngati malo olambula m'mphepete mwa munda. Moto ukafika pamenepo umaima. Koma pozimitsa motowo iye mwini amatha pang'onopang'ono. Amachedwetsa kuwonongeka, saletsa mpaka kalekale.

Chitsamba sichinapange chinthu chimenechi chifukwa cha ife. Chinapangira kudziteteza. Akatswiri a ku Barcelona anaonetsa kuti carnosic acid amakhala m'tizigawo tobiriwira ta tsamba, n'kumatiteteza pa nthawi ya dzuwa loopsa ndi chilala. Pa nthawi yotero amagwira ntchito kwambiri ndipo amachepa. N'chifukwa chake tsamba lothyoledwa mwezi uno silifanana ndi lothyoledwa mwezi wina, ngakhale pa chitsamba chimodzimodzi.

M'chaka cha 2010 maiko a European Union analola kuti mankhwala otengedwa m'masamba a alecrim aziikidwa m'zakudya monga chotetezera mafuta. Anawapatsa nambala E 392. Mukadzaona nambala imeneyi pa pepala la soseji kapena la bisiketi, mudzadziwa kuti ndi chitsamba chathu chija. Lamulolo siliwerenga fungo. Limawerenga kuchuluka kwa carnosic acid ndi carnosol. Ndipotu opanga ambiri amachotsa fungolo dala, kuti bisiketi isamveke ngati nyama yootcha. Mwaona? Chimene mphuno imatamanda, fakitale imachotsa. Chimene mphuno siidziwa n'komwe, fakitale imalipira.

Palinso chinthu chachitatu. M'chaka cha 1958 akatswiri awiri a ku Italy, Scarpati ndi Oriente, anapatula m'masambawa chinthu chimene anachitcha rosmarinic acid. Ichi chimasungunuka m'madzi otentha. Carnosic acid sasungunuka bwino m'madzi, amafuna mafuta kapena sipiriti. Ndiye kuti tsamba limodzi lili ndi makomo atatu. Mukalitcheza ndi nthunzi mupeza cineole, camphor ndi pinene. Mukaliviika m'madzi otentha ngati tiyi, chotuluka kwambiri ndi rosmarinic acid. Mukaliviika mu sipiriti kapena kulikazinga m'mafuta, carnosic acid ndiye atuluka. Zonsezi pa msika zimatchedwa alecrim, koma si chinthu chimodzi.

Apa ndifuna kukamba za ogulitsa. Masiku ano timabotolo ta mafuta a rosemary tikugulitsidwa m'matauni ndi pa foni, ndipo malonjezo ake ndi aakulu: amameretsa tsitsi, amabweza nzeru za okalamba, amachiza chakuti ndi chakuti. Ogulitsa ena amati asayansi anatsimikiza. Tiyeni tione zimene asayansiwo anachitadi. M'chaka cha 2015 ku Iran anayesa mafutawa pa amuna 100 a dazi kwa miyezi 6. Theka anapaka mafuta a alecrim, theka anapaka mankhwala a ku famasi otchedwa minoxidil, ndipo zotsatira zinafanana. Koma panalibe gulu lachitatu losapaka kanthu loti tiyerekeze nalo. Mlimi aliyense amene anapangapo munda wachitsanzo akudziwa kuti pamafunika mzere wosathira feteleza, apo ayi sudziwa chimene chakulitsa chimanga. M'chaka cha 2025 akatswiri a ku Scripps Research ku California analengeza za mankhwala opangidwa kuchokera ku carnosic acid amene anathandiza pa matenda a kuiwala. Inde. Koma anayesa pa mbewa za m'labotale, osati pa anthu. Ndiponso sanazimwetse tiyi wa masamba. Anachita kusintha carnosic acid kukhala chinthu china cholimba, chifukwa iye pa yekha amawonongeka msanga. Kuchokera pa mbewa kufika pa agogo athu, ulendo ndi wautali.

Ndipo pali choopsa chimene ogulitsa satchula. Mukukumbukira kasupuni kaja? Magalamu 400 a masamba ouma palibe munthu angawadye pa tsiku limodzi, koma kasupuni ka mafuta mwana angakameze kamodzi n'kamodzi. Camphor akamezedwa amatha kukomola mwana ndi kumugwetsa ngati wa khunyu. Mafuta ameneŵa si akumwa. Asungidwe patali ndi ana, ndipo asaikidwe m'botolo la zakumwa. Mayi woyembekezera asamwe mafutawa kapena msuzi wake wowirira. Timasamba tingapo mumphika wa nyama tilibe vuto. Kusiyana kwake ndi muyeso basi.

Wina akhoza kuganiza kuti, poti alecrim amateteza mafuta, ndiika masamba ake m'thumba la mtedza kuti usachite chuku. Ayi, bambo. Chuku ndi nkhani ina. Chimabwera ndi chinyezi, ndipo mankhwala ake ndi kuumitsa mtedza bwino ndi kusankha woola. Ndi zoona kuti m'labotale nthunzi ya mafutawa imapha tizilombo tina tofumbwitsa mbewu, koma zimenezo zimachitika m'botolo lotseka ndithu. M'nkhokwe ya nsungwi mphepo imalowa ndi kutuluka, fungo limapita, nankafumbwe amatsala.

Tsono ndiyankhe anzanga amene sagwirizana nane, pakuti mfundo zawo si zopanda pake. Oyamba amati makolo ankadziwa zitsamba popanda makina. Ndi zoona, ndipo ndimawalemekeza. Amayi a ku Spain ndi a ku Morocco ankapaka alecrim pa nyama zaka mazanamazana labotale isanabadwe. Makina anangobwera kudzafotokoza chimene iwo ankachita kale. Koma taonani. Nzeru za makolo zinali za chitsamba cha pa phiri lawo, chothyoledwa pa nyengo imene iwo ankaidziwa, chogwiritsidwa ntchito ngati tsamba. Chitsamba chikawoloka nyanja, chikabzalidwa pa nthaka ina, chikasanduka mafuta a m'botolo, nzeru zija sizikwera nacho sitima.

Tili ndi chitsanzo pafupi, kwa anansi athu a ku Malawi. Ambiri mumadziwa ombwe, chitsamba chimene ena amaphera nsomba, ndipo alangizi akhala akulimbikitsa kuti chibzalidwe pofuna kukonza nthaka ndi kupha tizilombo. Alimi ena ankati chimagwira ntchito, ena ankati n'chabodza. Kodi ndani ankanama? Palibe. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Britain ndi a ku Malawi anafalitsa zimene anapeza atayeza masamba ake ndi njira ya chromatography. Ombwe ali ndi mitundu iwiri yooneka mofanana. Wina uli ndi poizoni wopha tizilombo tofumbwitsa khobwe, wina ulibe. Pa zitsamba zimene anayeza m'minda ya ku Malawi, pafupifupi chimodzi pa zinayi zilizonse chinali cha mtundu wopanda mphamvu. Mlimi amene anabzala mtundu umenewo anataya thukuta lake ndi mbewu zake, ndipo mwina anzake ankamunena kuti sanatsate malangizo. Ndi nkhani yomwe ija ya Morocco ndi Spain, koma apa ikukhudza ndiwo za ana.

Achiwiri amati, "Zonsezi n'zabwino, koma labotale tilibe. Mukutiuza za makina amene sitidzawaona." Mfundo iyi ndi yolemera kuposa yoyamba, ndipo sindiinyoza. Makinawo ndi odula, ali m'mizinda ikuluikulu, m'masukulu monga Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, ndipo kuyeza kumalipiridwa. Mlimi mmodzi sangathe. Koma koperativa ya anthu 40 ingathe kusonkha ndalama zoyezetsa kabotolo kamodzi kapena kathumba kamodzi pa chaka. Kum'mawa kwa Morocco alecrim wa m'tchire amadulidwa ndi makoperativa, ndi chilolezo cha oyang'anira nkhalango. Ndi anthu a kumudzi ngati ife. Munthu mmodzi wokhala ndi mtolo umodzi amalandira mtengo umene wapatsidwa. Gulu lokhala ndi matani ndiponso pepala la muyeso limakhala pansi ndi wogula n'kukambirana.

Ndiponso theka la ntchito ya muyeso silichitikira m'labotale. Limachitikira m'munda ndi m'kope. Pepala la labotale lilibe phindu ngati simudziwa kuti masamba oyezedwawo anachokera pa chitsamba chiti, munda uti, mwezi uti. Apa mpamene kulemba ndi kuwerenga kumene mwaphunzira kukugwira ntchito.

Amene akufuna kuyesa alecrim ayambe ndi pang'ono, m'mphepete mwa dimba. Asatenge munda wa chakudya. Asabzale njere. Njere zake zimamera movutikira, ndipo mbande za njere sizifanana ndi make. Mubzale nthambi, monga timachitira ndi chinangwa kapena kholowa. Nthambi imatenga chibadwa chonse cha make. Dulani nsonga zotalika masentimita 10 mpaka 15, chotsani masamba akumunsi, zikani mu nazale ya mchenga pa mthunzi, ndi kuthirira pang'onopang'ono. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mizu imakhala itagwira. Wokerani pa mizere yokwera, pa dzuwa. M'dambo musayese, pakuti madzi oima amaoletsa mizu yake. Nthambi zonse zichokere pa chitsamba chimodzi chodziwika, ndipo mlembi alembe kumene chinachokera. Mukatenga kuno pang'ono, uko pang'ono, munda wanu udzakhala wosakanikirana, ndipo muyeso wa chaka chino sudzafanana ndi wa chaka chamawa.

Pokolola musazule, ndipo musadule mpaka pa thunthu lakale louma, pakuti pamenepo sipaphuka bwino. Tengani nsonga zanthete, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsamba. Poumitsa, iwalani zimene mumachita ndi chimanga. Musayanike pa thanthwe kapena pa malata. Kutentha kumathamangitsa mafuta, ndipo kuwala ndi kutentha kumawononga carnosic acid. Yanikani pa mphasa, pa mthunzi podutsa mphepo, mopyapyala, ndi kutembenuza tsiku lililonse. Masamba ouma bwino amathyoka mukawapinda ndipo amakhalabe obiriwira. Akada, mwataya ndalama.

Wogula akabwera ndi malonjezo, mufunseni mafunso musanagwire khasu. Kodi mukufuna masamba, mafuta, kapena chiyani? Kodi mudzayeza chinthu chiti? Chikwane magawo angati pa 100? Adzayeza ndani, ndipo ife tidzaliona pepalalo? Mayankho ake alembedwe m'pangano ndi manambala, osati mawu oti "abwino kwambiri". Wogula woona sakwiya ndi mafunso otere, pakuti iyenso amafunsidwa zomwezo ndi amene amamugula. Amene akwiya, mwamudziwa.

Pa tsiku logulitsa, tapani masamba m'matumba osiyanasiyana, pamwamba, pakati ndi pansi. Sakanizani, ndi kugawa pawiri pamaso pa wogula. Gawo lina atenge iye. Lina likhale la koperativa, m'botolo louma lotseka bwino, m'malo a mdima. Pa botolopo mlembi amate kapepala, alembepo dzina la munda, tsiku lokolola, masiku amene masamba anakhala pa mphasa, ndi kulemera kwa katundu yense. Wapampando asaine, wogulanso asaine. Ngati wogula abwera ndi nambala yokayikitsa, botolo lanu lija ndilo mudzatumize ku labotale ina.